Foni Imene Tinenenji Ankaigwadira

A Beston Matewere a ku Boitekong, kumigodi ya ku Joni, sanayankhepo funso ndi mawu amodzi chibadwire. Mukawafunsa kuti "Mwadzuka bwanji?" yambani mwapeza pokhala, chifukwa yankho lake liyambira ku Ntcheu kumene anabadwira, likwere ndege imene inawatula ku Joni akadali mnyamata wopanda ndevu, lilowe mumgodi wa pulatinamu, ndipo pamene lizidzafika pa bondo lawo lakumanzere limene likuwavuta masiku ano, tiyi wanu wazizira kalekale. Kutchalitchi anasiya kuwapatsa pemphero lotsekera. Abusa anawauza mwaulemu kuti Mulungu satopa, koma anthu ali ndi nyemba pamoto.

Anzawo ambiri amene anabwera nawo anabwerera kumudzi kontirakiti itatha. Iwo anatsalira, n'kukhala mtchona wotheratu, n'kuitanitsa mkazi wawo, a Rozalia, kuti adzatchonere limodzi. Pansi pamgodi anafika pa ukapitawo, ndipo lamulo lawo linali limodzi lokha: kapitawo ndiye amayamba kulowa, agogode denga la mwala ndi chitsulo kuti amve ngati lili bwino, ndipo sakwera chikepe mpaka munthu wake womaliza atatuluka. Munthu womalizayo akatuluka, m'pamene a Beston ankafuula kuti "Chayisa!" kutanthauza kuti taweruka, aliyense kwawo. Mgodi unawapatsa penshoni, kanyumba, ndi chifuwa chimene chimalira ngati chitseko chakale. Unawalandanso chala chamkombaphala cha dzanja lamanja. Chinatsala pansi pomwepo, ndipo nkhani ya mmene chinatsalira musayerekeze kuifunsa ngati muli ndi kopita.

Chala chimenechi chili ndi ntchito kuno. Tekisi, kunena minibasi, yopita m'tauni amaiimitsa poloza kumwamba ndi chamkombaphala. A Beston alibe, ndiye amangokweza chotsatira, chapakati chija chimene anthu amatukwanira. Madalaivala a ku Boitekong anawazolowera, amangoima n'kuseka, "Kwera, madala!" Koma dalaivala akakhala watsopano pamzerewu, abale inu, amatsika ndi sipanala m'manja, ndipo a Beston mpaka lero amadabwa kuti ana a masiku ano amapsa mtima ndi chiyani.

Ataleka ntchito, gulu lawo lonse la anthu oyang'anira linatsala munthu mmodzi, mdzukulu wawo Tinenenji, mwana wa malemu mwana wawo Violet. Tinenenji ndi mtsikana wamkulu, wamsinkhu wogwira ntchito, koma mutu wake umalandira zinthu pang'onopang'ono, chimodzichimodzi. Zilembo zimamuzungulira. Mukamuuza zinthu zitatu pakamodzi, agwira choyamba, zinazo zitayika m'njira. Alipo anthu opanda pake pamsewu wawo amene ankamutchula mayina, ndipo a Beston anathana nawo mmodzimmodzi, osati ndi ndodo ayi, koma ndi kuwakhazika pansi n'kuwalankhula mpaka dzuwa kupendeka. Palibe anabwerezanso. Koma Tinenenji ali ndi chake chimene anzeru ambiri alibe: chimene wachigwira wachigwira, ngakhale mubwere ndi thirakitala simungachizule.

Chinthu choyamba chimene anachigwira chinali cha agogo ake aakazi. A Rozalia analumbira kuti mwana wa Violet sakula ngati ana a ku Joni amene amayankha akulu ataimirira, manja ali m'thumba. Anamuphunzitsa kuti mkulu akamakulankhula umagwada, umayankha kuti "Wawa," ndipo sudzuka mpaka amalize. Tsono mkulu wa m'nyumbamo ndi a Beston. Mawondo a mwanayo anakhwima ngati chikopa cha ng'oma.

Tsiku lililonse a Beston ankamuperekeza kusukulu ya ana ophunzira pang'onopang'ono, iwo patsogolo, iye pambuyo. Ankayamba ndi iwo kulowa pageti, n'kuyang'ana denga la khonde ngati lingagwe, ndipo masana ankawapeza ali pomwepo, chipewa chili pabondo. Zaka zinapita choncho mpaka chaka chomaliza cha sukulu chinafika, ndipo aphunzitsi ake, mayi wa Chitswana dzina lake Patricia, anawaitana.

"Ntate Beston," anatero aphunzitsi, pakuti m'Chitswana bambo amati ntate, "ndamupezera malo Tinenenji. Kuli nyumba ya alendo ku Geelhoutpark, akufuna munthu wopinda nsalu zapabedi ndi matawulo. Palibe mwana pasukulu pano amene amapinda ngati iye."

Izi zinali zoona. Tinenenji akapinda shiti, makona ake mukhoza kudulira buledi.

"Koma pali chimodzi," anapitiriza aphunzitsi. "Mwini wake akufuna munthu wofika yekha, pa nthawi yake. Amuyesa sabata imodzi. Akalephera, malowo apita kwa mwana wina, ndipo Tinenenji sukulu ikatha azingokhala pakhomo."

"Ayikona!" anatero a Beston, pakuti akakwiya chimayamba kutuluka ndi Chifanakalo cha kumgodi. "Yekha? Matekisi awiri? Kudutsa pa renki ya m'tauni? Ine ndilipo, ndafa kodi?"

"Simunafe, ntate. Koma mukutsokomola."

A Beston anafuna kuyankha, koma chifuwa chinawatsogolera, n'kuyankha m'malo mwawo kwa nthawi ndithu. Ankadziwa. Ndi nkhani yokhayo imene sankaikamba motalika: ankaopa tsiku limene adzakwere chikepe cha Mulungu munthu wawo womaliza asanatuluke.

Aphunzitsi anatulutsa foni. Munali zithunzi zotsatizana: geti la kunyumba, pokwerera tekisi, dzanja loloza kumwamba, renki ya m'tauni, mzere wa matekisi a ku Geelhoutpark, sitolo yobiriwira imene ili potsikira, ndi chitseko cha nyumba ya alendo. Mwana akadina chithunzi, foni imamuuza chochita, akachita n'kudina chotsatira. Aphunzitsi anali atayenda naye kale njirayo kangapo, akumufotokozera okha pakamwa. Chinatsala n'kuikamo mawu, ndipo anaganiza, mwanzeru zawo zonse za kukoleji, kuti mawu abwino ndi a Chichewa, a munthu amene mwanayo amamumvera kwambiri.

A Beston anayamba ndi kupereka dzanja lawo kuti alijambule pachithunzi choimitsira tekisi. Aphunzitsi analiyang'ana, n'kuyang'ana kumbali, n'kunena kuti dzanja anajambula kale lawo, zikomo kwambiri. Koma mawu anawapatsa.

Anavala jekete la kutchalitchi kuti akajambule mawu. A Rozalia anawafunsa ngati foniyo imaona zovala, iwo n'kuyankha kuti munthu salankhula za ntchito atavala vesiti.

"Mwachidule, ntate," anatero aphunzitsi. "Imadula yokha ikatalika. Ingonenani kuti, ima apa, kweza chala."

A Beston anakonza kukhosi. "Tine, ndine agogo ako. Wadzuka bwanji? Ine ndadzuka, kungoti bondo lija. Tsono tamvera, mwana wanga. Apa wafikapa si malo amasewera. Chaka chija tinkaboola ku levulo yapansi, panali mnyamata wina wa ku Xai-Xai, wamfupi chonchi, ameneyo naye ankaona ngati..."

Tiii! Foni inadula.

"Mwanena kuti akweze chala?" anafunsa aphunzitsi, amene Chichewa sachimva ngakhale cha moni.

"Zonke yena khona," anatero a Beston. Zonse zilimo. Ndipo sankanama dala ayi. Mumtima mwawo za chala zinalimo, kungoti anali asanafikepo. Chithunzi chilichonse chinapita choncho: moni, bondo, chiyambi cha nkhani yabwino kwambiri, kenako tiii.

Madzulo anaiyesa kunyumba. Tinenenji anadina chithunzi, mawu a agogo anatuluka, iye n'kugwada pamkeka, "Wawa." Palibe anadabwa. Adabwe chiyani? A Beston anali pampando wawo pomwepo, ndipo mwanayo amagwada pamalo amenewo tsiku ndi tsiku. A Rozalia mpaka anati, "Mwaona? Mwana woleredwa."

Lolemba m'mawa Tinenenji anatuluka pageti yekha, foni ili pachingwe m'khosi. A Beston anati angopita kukagula nyuzipepala, koma anapeza mathalauzi awo onse, ndi la kutchalitchi lomwe, a Rozalia atawaviika m'beseni. Anakhala pakhonde atakulunga chitenje cha mkazi wawo, akutukwana m'Chifanakalo.

Tinenenji anafika kuntchito dzuwa lili pamutu, nsalu zonse atapinda ena. Lachiwiri chimodzimodzi. Akamufunsa kuti unasochera, ankakana. Tekisi inafa? Ayi. Wina anakuvutitsa? Ayi. Mwini nyumba ya alendo anaimbira aphunzitsi kuti mtsikanayo ndi waukhondo komanso waulemu, koma iye sangadikire matawulo mpaka masana. Apume masiku awiri akonze zimene zikuvutazo, ndipo Lachisanu akachedwanso basi, zatha.

Yankho linabwera ndi a Cristina, mayi wa ku Tete amene amakhala ku Meriting n'kumagulitsa mandasi pa renki ya m'tauni. Amapemphera mpingo umodzi ndi banjali. Anafika masana a Lachitatu, beseni lili pamutu, nkhope ili yamaliro.

"A Matewere, ine sindibisa. Mwana mwamulowetsa mpingo wanji?"

"Mpingo?"

"Eeh, mpingo! Dzulo ndi dzana wafika pa renki, wadina kafoni kake, gwaa pansi! Pakati penipeni, pamene matekisi amakhotera. Manja wafumbata foni, mutu wazyolika, 'Wawa, wawa.' Mnyamata woitanira uja amamenya anthu uja anavula kapusi. Amayi awiri a Chizulu anatula katundu n'kugwada naye. Dzulo kunabwera bambo wina ndi Baibulo n'kuyambitsa nyimbo, mpaka matekisi anaima mzere kufika kumsewu waukulu, mahutala mbwee! Ndipo wina wandiuza kuti m'tekisi momwemo anagwada pakati pa mipando, pa thumba la kabichi la eni ake."

A Beston anatembenukira kwa mdzukulu wawo, amene anali atagwada kale pamkeka chifukwa alendo akulankhula.

"Tine, n'zoona zimenezi?"

"Wawa."

"Nanga unkagwadiranji pamsewu?"

"Munkalankhula, agogo."

"Chabwino, koma foni ikasiya, bwanji osadzuka n'kukwera tekisi?"

Tinenenji anawayang'ana modabwa, kuti munthu wamkulu angafunse chinthu chapoyera chotere. "Munali musanamalize."

Apa m'pamene zinamveka. Mwanayo ankagwada pa chithunzi chilichonse, n'kudikira, n'kudikirabe, kuti agogo amalize za mnyamata wa ku Xai-Xai, mpaka mawondo akamuwawa m'pamene ankapepesa foni n'kudina chotsatira, n'kugwadanso. A Cristina anaseka mpaka beseni linagwa, mandasi otsala n'kugubuduka pabwalo. A Rozalia sanaseke. Anagwedeza mutu monyadira n'kunena kuti, "Ndinamulera ine ameneyu."

Lachinayi aphunzitsi anabwera kunyumba ataweruka, ndipo bwalo linakhala pakhonde. A Beston anati vuto ndi foni, imadula akulu pakamwa, yopanda mwambo. Aphunzitsi atamva tanthauzo la zimene zinajambulidwa anagwira m'mutu n'kuitana Mulungu m'Chitswana. Kenako anati palibe nthawi yolira, ayese njira zina pamsewu wa pakhomo pomwepo.

Njira yoyamba inali ya a Beston. Anajambulanso, ulendo uno mwachidule moti anatuluka thukuta: "Tine, usagwade. Ndati usagwade. Kweza chala." Tinenenji anaima pageti, anadina, mawu anatuluka, iye gwaa pafumbi. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyankha, "Wawa," n'kukweza chala ali chigwadire. Galu wa oyandikana nawo anabwera kudzamununkhiza.

Njira yachiwiri inali mawu a m'foni momwemo, a mayi wina wa Chingerezi wosalala pakamwa. Tinenenji anamvetsera, n'kuvula chingwe m'khosi, n'kupereka foni kwa aphunzitsi.

"Sindikuwadziwa mayi amenewa."

"Ndi foni chabe, Tine."

"Agogo anati munthu wosamudziwa akakuuza kuti kwera galimoto, usakwere."

A Beston anatsokomola n'kuyang'ana denga. Anali atanenadi, ndipo ananena kwa zaka zambiri, ndi zitsanzo.

Apa aphunzitsi anafunsa mosamala ngati sizingatheke kungomuphunzitsa mwanayo kuti aleke kugwada. Mayo! Akanadziwa sakanayamba. A Rozalia anamanga chitenje pamwamba. Anati iwo anasiya kwawo, anasiya abale, anaika mwana wawo m'dothi la eni, ndipo chimodzi chokha chimene anabwera nacho kuchokera ku Ntcheu chimene sichinathe ngati mbale kapena kung'ambika ngati nsalu ndi mwambo umenewu, ndiye lero kafoni ka dzulodzulo kadzawalande? A Beston anati mwambo sukwera tekisi. A Rozalia anati mwambo ulibe mlandu, mlandu uli ndi anthu ena amene pakamwa pawo palibe mabuleki. A Beston anati mawu a akulu akoma akagonera. A Rozalia anati awo agonera pa renki masiku awiri, akoma pati? Aphunzitsi ankangotembenuza mutu uku ndi uku, osamva kanthu, koma akudziwa kuti malo a mwana akupita.

Pa nthawi yonseyi Tinenenji anali atachoka. Mkangano amadana nawo, ndipo ukayamba amapita kukapinda zinthu. Anali pachingwe kuseri, akuanula mathalauzi a agogo aja, ndipo mawu ake ankamveka pang'onopang'ono, monga amachitira nthawi zonse akamagwira ntchito: "Gwira apa, Tine. Kumaniza apa. Sisita. Pinda. Wakhoza, Tine."

Anabwera nawo atawasanja pamkono, n'kuwaika pampando, n'kugwada pafupi ndi aphunzitsi.

"Ndinene ndekha," anatero.

"Unene chiyani, mwana wanga?" anafunsa a Rozalia.

"M'fonimo. Ine sindine wamkulu. Ndiponso ndimadzidziwa."

Aphunzitsi atawamasulira anaomba m'manja kamodzi, n'kumupatsa foni msangamsanga ngati wina angailande. Tinenenji anayang'ana chithunzi choyamba. "Tseka geti, Tine." Chachiwiri. "Ima apa, Tine." Chachitatu. "Kweza chala. Ichi, osati cha agogo." Aphunzitsi ankamukumbutsa pamene wakakamira, iye n'kubwereza m'mawu ake, ndipo madzi a tiyi asanawire zithunzi zonse zinali ndi mawu. Anakayesa pageti. Foni inalankhula, iye anaima chilili, n'kukweza chala cholondola, moti tekisi imene inkadutsa inaimadi, ndipo anachita kupepesa dalaivala.

Onse anakondwa kupatula munthu mmodzi. A Beston anakhala chete, ndipo kukhala chete kwa a Beston ndi chinthu chimene a Rozalia anali asanachionepo chikwatiwire. Zinawapweteka, tisabise. Kuyambira tsiku lija anavala jekete, ankadzitonthoza ndi ganizo limodzi: kuti chifuwa chikadzawatenga, mawu awo adzatsala m'khosi mwa mwanayo, akumutsogolera pa renki, woyamba kulowa monga kale. Tsono lero awachotsa ntchito kachiwiri, ndipo wowachotsa ndi munthu wawo yemwe.

"Ndifufute akalewa?" anafunsa aphunzitsi, chala chili pafoni.

"Fufutani," anatero a Beston, akuyang'ana kumbali. "Tsobola wakale sawawa."

"Ayi!" Tinenenji anagwira dzanja la aphunzitsi. "Musafufute agogo. Muwaike pena. Ndiziwamvera kunyumba, pali mkeka."

A Beston anadzuka n'kunena kuti akukaona ngati mpope wakuseri ukudontha. Mpopewo sunadonthepo chiikireni, koma anakhalako nthawi yaitali, ndipo anabwerako maso ali ofiira, akuti fumbi la kumigodi lachuluka chaka chino.

Lachisanu m'mawa Tinenenji anatuluka. Pageti foni inati, "Tseka geti, Tine," iye n'kutseka, osacheuka. A Rozalia anali atakonza beseni la madzi kuti mwina, koma sipanafunike. A Beston anavala thalauzi lawo, makona ali chilili, n'kukhala pakhonde okha, kafoni kawo kakale kali pabondo. Chithunzi chomaliza m'foni ya mwanayo tsopano chinali nkhope yawo, ndipo aphunzitsi anakonza kuti akafika adine pamenepo n'kutumiza mawu kunyumba.

Anadikira. Anamva tekisi iliyonse imene inadutsa, ndipo mumtima anayenda naye njira yonse: apa ndiye akwera, apa ndiye mlatho, apa ndiye renki, Ambuye mugwireni mawondo. Tiyi anazizira osamukhudza. Woyandikana nawo anawapatsa moni pampanda, iwo n'kungoti "Tadzuka," moti munthuyo anathamangira kwa a Rozalia kukafunsa ngati madala akudwala.

Kafoni kanalira. A Beston analumpha, dzanja la zala zinayi linaphonya, kafoni n'kugwa n'kutsetsereka mpaka kunsi kwa benchi. Anatsika pansi ndi bondo lovuta lija, kenako linalo, akubuula, n'kukafika nako, ndipo pokatola chala chinadina pomwe panafunika.

"Agogo, ndine Tinenenji," anatero mawu. "Ndafika. Ndafika ndekha. Ena sanafike, ndayamba ndine. Denga ndaliona, lili bwino. Mayi a pano andipatsa epuloni, ati ndi yangayanga, ndibwerenso Lolemba. Munthu wanu watuluka, agogo. Chayisani." Panali kupuma pang'ono, a Beston n'kuganiza kuti zatha. Koma foni ya mwanayo potumiza uthenga sidula munthu pakamwa. "Mwadzuka bwanji? Ine ndadzuka, kungoti nsapato ija. Tsono tamverani. M'tekisi yoyamba munali mayi wina, wamfupi chonchi, ananyamula nkhuku, ndiye nkhukuyo..."

A Rozalia anatuluka m'nyumba n'kupeza mwamuna wawo, kapitawo wa kumgodi, mkulu wa mpingo, atagwada pasimenti, kafoni atakafumbata ndi manja awiri, chipewa chitagwera pambali, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Abambo! Anthu akuona! Tadzukani, bondo lanu lija!"

A Beston anakweza dzanja kuti mkazi wawo akhale chete.

"Sanamalize," anatero. Kenako anaweramira kafoni kaja. "Wawa."